Akabwera kudzayeza munda wanu: zochita musanadinde chala

Kuno ku Tete minda yambiri imachoka m'manja mwa eni ake pamsonkhano, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Amabwera a kuboma ndi a kampani, amalankhula Chipwitikizi mpaka mithunzi kutembenuka, womasulira n'kufupikitsa zonsezo m'mawu ochepa, ife n'kuwomba m'manja, kenako pepala n'kuyamba kuzungulira kuti aliyense adinde chala. Ine ndine mphunzitsi wopuma wa ku Angónia kuno, ndipo poti ndimamva zilankhulo ziwirizi, amandiitana kawirikawiri kukamasulira pamisonkhano yotere. Zimene ndalemba pano n'zimene ndimauza anthu akwathu madzulo oti mawa kuli msonkhano, alendo asanafike.

Ambiri amagonja mlandu usanayambe n'komwe, poganiza kuti wopanda pepala alibe munda. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amati nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa ndipo sikhala chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene m'maofesi amautchula kuti DUAT. Lamulo la malo, Lei 19/97, limapereka njira zitatu zopezera ufulu umenewu. Ina ndi ya mwambo: munda anakusiyirani makolo, kapena anakugawirani amfumu monga mwa chikhalidwe cha pamalopo. Ina ndi yoti nzika ya dziko lino yakhala kapena kulima pamalo mwachilungamo, osalanda wina, kwa zaka zosachepera 10. Yachitatu ndi yokapempha kuboma, ndiyo imene amadzera makampani ndi anthu a ndalama. Njira ziwiri zoyambazo sizilira pepala. Lamulo lomweli limanena poyera kuti kusowa chikalata sikuchotsa ufulu wa munthu, ndiponso kuti umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa. Tsono bwana wovala taye akakufunsani kuti, "Nanga pepala la munda umenewu lili kuti, mayi?" musazyolike. Muuzeni kuti mboni zanu zilipo, ndipo muzitchule mayina.

Dziwaninso kuti malo a mudzi, malinga ndi lamuloli, si pokhapo pamene pali mizere ya chimanga. Tsala limene mwaligoneka kuti nthaka ipume, nkhalango yotolamo nkhuni ndi bowa, busa la ng'ombe, zitsime, manda, dambwe, ngakhale malo osungira ana amene akukula, zonsezi zimawerengedwa. Alendo amakonda kuloza tchire n'kunena kuti apa palibe mwini. Auzeni mwini wake, ndi chaka chimene analimapo komaliza.

Pali malo ena amene lamulo silipatsapo munthu aliyense DUAT, ndipo ndi bwino muwadziwiretu kuti musakadabwe kutsogolo: mamita 50 mbali iliyonse ya njanji, mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu, mamita 15 m'mbali mwa misewu ing'onoing'ono, komanso makilomita awiri kuchokera pamalire a dziko. Ife a ku Calómuè, ku Tsangano ndi ku Zóbuè mfundo yomalizayi imatikhudza, poti midzi yathu yambiri ili chigundane ndi Malawi. Ngati munda wanu uli m'kati mwa malo otere, mphamvu yanu yagona pa zimene munaikapo ndi manja anu, nyumba, mitengo, mbewu, ndiye muziwerenge mosamala kuposa wina aliyense.

Ntchito yeniyeni iyambeni chilimwe chino, galimoto yachilendo isanaime pamudzi. Itanani amene mwachita nawo malire mbali zonse, pamodzi ndi anyakwawa kapena amfumu, muyende m'malire onse ndi miyendo. Pamene pali kukayikira, gwirizanani pomwepo, mubzalepo khonje kapena nkhadze. Kenako gulani kope la ana a sukulu. Mulembemo amene anakupatsani mundawo ndi chaka chake, mayina a oyandikana nawo, ndi mitengo yonse umodziumodzi: mango angati, mapichesi angati, mabulugamu angati, mapando a nthochi ndi nsungwi angati. Dimba mulilembe palokha, chifukwa dimba limadyetsa banja miyezi imene munda wakumtunda uli mbee. Mwana amene ali ndi foni ajambule zonsezo. Mboni musankhe za misinkhu yosiyana. Agogo amadziwa mbiri yonse, inde, koma mlandu wa malo umatha kutenga zaka, ndiye pafunika wina wachinyamata amene anamva agogowo akulankhula.

Kopelo likatha, yang'anani ziphaso. Ambiri a ife tinathawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza nthawi ya nkhondo, n'kubwerera mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992. Ana ambiri anabadwira kothawako, ena sanalembedwe konse. Lero ndi akuluakulu a mabanja awo, amalankhula Chichewa cha pa wailesi ya Malawi, sukulu anaphunzira m'Chingerezi, Chipwitikizi chimawavuta. Tsiku la kalembera wa chipukutamisozi wina amangoti, "Awa ndi Amalawi," basi dzina osalembedwa. Ndinaziona zikuchitikira mayi wina amene manda a makolo ake ali pamudzi pomwepo. Musadikire tsiku limenelo. Pitani ku Registo Civil ndi mboni zanu mukalembetse kubadwa, mukatero mukatenge BI, chiphaso cha unzika. Ndalama za chipukutamisozi nthawi zambiri zimadzera kubanki, ndipo kubanki kawirikawiri amafuna BI ndi NUIT, nambala ya msonkho, kuti mutsegule buku. Kulankhula Chinyanja sikuchepetsa unzika wa munthu. Gawo 35 la malamulo aakulu limati nzika zonse n'zofanana mosayang'ana mtundu, kumene munthu anabadwira, kapena sukulu imene anafika nayo.

Kapepala kogulitsirana munda kamene timalemberana kwa asekeletale a mudzi musakadalire kwambiri. Poti nthaka sigulitsidwa, chimene lamulo limazindikira ndi kugulitsana nyumba, mitengo ndi zina zimene zili pamalopo. Ndipo ngati mudzi wonse wagwirizana, mukhoza kupempha boma lidzayeze malire a mudzi n'kukupatsani chikalata cha mudzi wonse. Zimatenga nthawi, koma mudzi umene uli nacho alendo amaufika mwaulemu.

Tsono tsiku lafika, abwera. Lamulo limati boma lisanapereke malo kwa wopempha, anthu a pamalopo afunsidwe kaye. Msonkhano umenewu amautchula kuti consulta, ndipo uyenera kuchitika kawiri. Ulendo woyamba ndi wongokuuzani chimene akufuna. Wachiwiri ndi umene inu mumayankha. Chinthu chimene ndimachilimbikira kuposa zonse n'chakuti pamsonkhano woyamba musavomere kanthu, ngakhale zitakoma bwanji m'makutu. Mvetserani, funsani, mubalalike. Mukakambirane panokha usiku, amayi paokha, achinyamata paokha, eni ng'ombe paokha, chifukwa chimene chimapweteka mwini ng'ombe si chimene chimapweteka mayi wotunga madzi. Wina akakuuzani kuti bwana wachokera kutali ku Maputo ndipo sangabwerenso, muyankheni mwaulemu kuti munda nawo unachokera kutali, kwa makolo, sungaperekedwe tsiku limodzi. Pamakhalanso chidziwitso chimene amakhoma kuboma ndi pamalo pomwepo kwa masiku 30 kuti wodandaula adandaule. Tumani mwana wodziwa kuwerenga azikayang'ana pabolodi la kuofesi ya boma.

Pa mafunso, musalole kuuzidwa mahekitala okha. Munthu wakumudzi akamva kuti mahekitala 500 amangogwedeza mutu, sadziwa ngati dambo lija lalowa kapena ayi. Nenani kuti, "Tiyeni tikayende, mutilozere poyambira ndi pothera." Funsani zaka zimene akhalepo, poti DUAT ya bizinesi imatha kufika zaka 50 n'kuwonjezedwanso. Funsani za njira yopita kumtsinje, za manda, za kumene ng'ombe zizikamwa. Funsani amene adzalembedwe ntchito, angati, ntchito yanji, ya miyezi ingati.

Womasulira mubweretse wanu. Ndikunena izi ine womasulira. Amene wabwera pagalimoto ya alendo amadya kwa alendowo, ndipo ngakhale atakhala wolungama mtima, amasankha mawu ofewa. Chigawo chathu chili ndi mitundu yambiri: Anyungwe ku Tete, ku Moatize ndi ku Changara, Asena ku Mutarara, Ansenga cha ku Zumbo, ife Achewa ndi Angoni kumtunda kuno. Kumigodi mitundu yonseyi yasakanikirana. Msonkhano ukamasuliridwa m'Chinyungwe chokha, Mchewa amamva malonje ndi nthabwala, amaseka nawo, koma pofika pa ziwerengero ndi pa mawu oti "ngati" ndi "pokhapokha" amatsalira, ndipo amachita manyazi kunena. Imikani dzanja munene kuti simunamve. Amayi amene akhala kumbuyo pamphasa, ana ali kumsana, asunthidwe abwere kutsogolo kumene mawu akumveka, poti ambiri mwa amene amagwira khasu m'minda imeneyo ndi iwowo.

Za amfumu ndilankhule mosamala. Mafumu athu boma limawazindikira, limawapatsa yunifolomu ndi kandalama, ndipo alendo amayamba kufikira kwa iwo, mwina ndi kamphatso m'manja. Pamenepo mfumu imakhala pakati pa moto uwiri. Koma lamulo limafuna mawu a mudzi, mfumu yokha singapereke munda wa munthu. Musawachititse manyazi pagulu. Apite akuluakulu angapo madzulo, akawombe m'manja n'kunena kuti, "Zikomo mfumu, ife ana anu tabwera kudzapempha kuti mawa musatiyankhire. Mukangoti nkhaniyi ndi ya eni minda, mwatiteteza, nanunso mwadziteteza." Mafumu ambiri amapepukidwa mtima akamva zimenezi.

Tifike pa mapepala. Pamsonkhano pamayenda mapepala awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Lina ndi mndandanda wa amene abwera. Lina ndi acta, limene limanena zimene mwagwirizana. Ndinaonapo pepala likuyenda nthawi imene akugawa zakumwa ndi mabanzi, mnyamata atanyamula kabokosi ka inki, akugwira chala chachikulu cha gogo aliyense n'kuchikanikiza papepala, gogoyo n'kupukutira inkiyo pachitenje, dzanja linalo atagwira botolo. Pamwamba pa pepalalo panalibe mutu uliwonse. Anthu ankati akudindira zakumwa. Pepala lopanda mutu likhoza kukamatidwa kumbuyo kwa chikalata chilichonse, n'kukhala umboni woti mudzi unavomera. Musanadinde, womasulira wanu awerenge zimene zalembedwa pamwamba. Ngati palibe, alembepo yekha ndi cholembera kuti uwu ndi mndandanda wa obwera kumsonkhano wa tsiku lakuti, basi.

Acta iwerengedwe mokweza, mzere ndi mzere, m'chilankhulo chanu, anthu asanabalalike. Lonjezo lililonse limene lanenedwa pakamwa lilowemo, ndipo lilowe ndi nambala, tsiku, ndi dzina la woti adzachite. Mawu oti kampani idzathandiza pa maphunziro alibe ntchito, chifukwa ngakhale atabweretsa bokosi limodzi la choko, athandiza. Lembetsani kuti zipinda zophunziriramo zingati, za njerwa zowotcha ndi malata, zithe mvula ya chaka chakuti isanagwe. Mijigo ingati, pamalo ati, ikawonongeka adzakonza ndani. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati mwakana, kapena mwavomera mbali ina n'kukana ina, zimenezonso zilembedwe momwemo. Mipata yotsala papepala idulidwe mzere kuti wina asadzawonjezeremo mawu kuofesi. Ndipo musalole galimoto inyamuke musanalandire pepala lanu la acta. Akati adzakutumizirani, lijambuleni pafoni tsamba ndi tsamba, mafoni awiri kapena atatu.

Kalembera wa katundu ndi pamene mabanja ambiri amalirira, ndipo kawirikawiri wowalirisa ndi wachibale. Fomu imene amabwera nayo imafunsa dzina la mutu wa banja, ndipo anyamata olembawo, poti ambiri anakulira m'tauni kapena kumene mwambo ndi wa chitengwa ndi malowolo, amangolemba bambo. Koma m'midzi yambiri ya Achewa bamboyo ndi mkamwini. Munda ndi wa mkazi, anaulandira kwa amayi ake, ndipo woyang'anira ndi atsibweni, eni mbumba. Ndalama zikalowa m'dzina la mkamwini, iye n'kukwera basi ya ku Tete kapena kubwerera kwawo, mayi ndi ana amatsala opanda munda, opanda ndalama. Kwa Angoni amene amalowola, vuto limatembenuka: mwamuna akamwalira, abale ake amafuna kulembetsa munda m'dzina lawo, wamasiye ali pomwepo. Lamulo la malo limati ufulu wa malo umasiyiridwa ana mosasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo mwambo umalemekezedwa pokhapokha ngati sukutsutsana ndi malamulo aakulu. Choncho mayi, tsiku la kalembera musapite kuchigayo. Imani pamunda panu, munene kuti dzina lanu lilembedwe, kapena mayina onse awiri. Pamitala, mkazi aliyense alembedwe payekha ndi nyumba yake ndi munda wake. Mnyamata amene wamanga kale kanyumba kake, ngakhale sanakwatire, alembedwe. Amene akulima munda wobwereka alembetse mbewu zake, mwini munda alembetse mundawo. Olembawo akamawerenga mitengo, inu muzitsatira ndi kope lanu lija, ndipo ziwerengero zikasiyana musasaine mpaka mubwerezenso limodzi.

Ikakhala nkhani yosamutsa mudzi wonse, phunzirani kwa anzathu a ku Moatize. Kuyambira mu 2009 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuchoka ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe kuti ikumbe malasha. Amene anawerengedwa kuti ndi alimi, mabanja oposa 700, anawapititsa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Ena anapita ku 25 de Setembro, kufupi ndi tauni. A ku Cateme analonjezedwa mahekitala awiri banja lililonse, koma poyamba analandira imodzi, ndipo ambiri anadandaula kuti nthaka yake ndi yamiyala, nyumba zikung'aluka, msika uli kutali. Anthu amene ankadya za kuumba njerwa, kuotcha makala ndi kugulitsa ndiwo zamasamba m'tauni anapezeka alibe pogwira. Mu January 2012 anatseka njanji ya sitima za malasha, apolisi anabwera, ena anamenyedwa, ena anamangidwa. Mu August chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012, lamulo loyendetsera kusamutsa anthu. Limati wosamutsidwa apeze moyo wofanana ndi wakale kapena woposa, apatsidwe malo ochitirapo ntchito zimene amadyera, anthu afunsidwe pamisonkhano yosachepera inayi, ndipo nyumba ikhale ya zipinda zogona zitatu. Lamulo limenelo linabwera ena atalira kale, ndiye ligwiritseni ntchito.

Musavomere malo atsopano musanawaone. Tumani anthu anu, amuna ndi akazi, apite ndi makasu akakumbe nthaka m'malo angapo. Apite mu October, kukatentha, ndi pamene mtsinje ndi chitsime zimanena zoona. Afunse ngati malowo alibe eni ake, chifukwa kawirikawiri kumene akukupititsaniko kulinso anthu amene amati ndi tsala lawo, ndipo mudzayamba moyo watsopano ndi mkangano, mwinanso ndi anthu a mtundu wina amene simumvana nawo bwino chilankhulo. Awerenge mtengo wa galimoto kupita kumsika ndi kuchipatala. Polembetsa zimene mukutaya, musaiwale ndalama zimene sizichokera m'munda: njerwa, mchenga, nsomba, nkhuni, maganyu a m'tauni. Akakupatsani mwayi wosankha pakati pa munda wina ndi ndalama, ine ndimati tengani munda, bola mwauona ndipo ndi wachonde. Ndalama zimaoneka zambiri tsiku lolandira lokha. Nyumba yakale musagwetse mpaka munda watsopano mwaulandira m'manja.

Zikavuta, dandaulani polemba. Kudandaula pakamwa kuofesi kumathera pakhomo. Lembani kalata m'Chipwitikizi, mapepala awiri ofanana, limodzi musiye, linalo akudindireni chidindo ndi tsiku, mubwere nalo. Yambirani ku SDAE, ofesi ya zaulimi ndi zachuma, ndi kwa Administrador, mkulu wa boma lanu. Zikakanika, pitani ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pamilandu. Wopanda ndalama za loya apite ku IPAJ, kumene boma limapereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa osauka. Bwalo la m'mudzi limathandiza pa mkangano wa malire ndi mnansi, koma mlandu wa kampani kapena wa chigamulo cha boma silingauthe. Kulinso Provedor de Justiça, wolandira madandaulo okhudza maofesi a boma, ndi Comissão Nacional de Direitos Humanos, bungwe loona za ufulu wachibadwidwe, ndipo mumzinda wa Tete muli mabungwe ngati AAAJC, lothandiza midzi pa zamalamulo, ndi mgwirizano wa alimi wa UPCT amene amayenda ndi midzi pa nkhani zoterezi. Mapepala a ntchito ya kampaniyo akamakubisirani, Lei 34/2014 imakupatsani ufulu wowapempha, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Kuofesi musapite munthu mmodzi. Mmodzi amaopsezedwa, kapena amapatsidwa ntchito ya ulonda n'kukhala chete. Pitani anthu angapo, mukhale amayi, mukhale wachinyamata, ndipo ngati pamudzipo pali mitundu iwiri, yonse iwiri ionekere, kuti wina asadzanene kuti odandaulawo ndi obwera okha.

Ngakhale malo atapita, sungani tsiku limene kampani inalandira chilolezo. Chilolezo choyamba chimakhala chongoyembekezera, cha zaka zosapitirira ziwiri kwa akunja ndi zaka zosapitirira zisanu kwa nzika, ndipo ngati nthawiyo yatha iwo osachita zimene analemba kuti adzachita, popanda chifukwa chomveka, boma likhoza kuwalanda. Malo ambiri amangotchingidwa ndi waya n'kumera tchire. Mukaona zotero, jambulani tchirelo, tengani acta yanu ija, mulembe kalata ina yopempha kuti a kuboma abwere adzaone okha.